Ndanenerera Zaka kwa Adokotala

Moni nonse. Mukudziwa kuti pamsika wa Balaka palibe amene anandigonjetsapo pa kunenerera. Ogulitsa mbuzi a ku Utale akandiona amayang'ana kumbali.

Lero mlamu wanu wandikokera kuchipatala kukayezetsa khansa ya pulositeti, ija yogwira abambo. Anditenga magazi, zotsatira zili bwino. Adokotala akuti, "Bambo, muzibwera pakatha zaka ziwiri zilizonse."

Ine ndati, "Iyayi adokotala, onjezaniko. Zisanu bwanji?"

Akana. Ndanyamuka pang'onopang'ono kulowera kukhomo, monga ndimachitira pamsika, kudikira kuti andiitane. Sanandiitane, amangolemba zawo. Ndabwerera ndekha n'kukhalanso pampando womwewo.

Ndiye ndati ndiwamvetse chisoni. "Ndine wamasiye ine. Bambo athu anapita ndi matenda omwewa."

Aika cholembera pansi. "Ngati ndi choncho, muzibwera chaka chilichonse. Muli ndi abale aamuna? Nawonso abwere."

Mlamu wanu wakutchulani nonse, mpaka achimwene a ku Machinga oopa jakisoni aja.

Ndinalowa ndekha pa zaka ziwiri, ndatuluka ndi chaka chimodzi, basela ndinu. Abale, wapambana ndani pamenepa?