Chitofu cha Kachasu cha Amalume

Sayansi yonse ya moto kwathu ku Feira inayambira pankhope panga, ngakhale ku koleji anandibweza ndisanawafotokozere. Fungo la kachasu limandikumbutsabe.

Nthawi ya nkhondo tinathawira kuthengo, komwe utsi unali woletsedwa poopa ndeke. Kamlongo kanga kanalirira phala. Amalume anaboolaboola chitini cha nsomba ndi msomali, n'kuthiramo kachasu waukali uja woyamba kudontha, n'kuyatsa. Padzuwa sindinaone lawi lililonse.

"Amalume, moto wathawa?"

"Wabisala, mphwanga. Nawonso uopa ndeke."

Ndinawerama kuti ndiufunefune, ndipo ndinaupeza.

Phala linapsa popanda utsi, mwana anadya, ndeke inadutsa osationa. Amalume anadandaula za kachasu wawo mpaka nkhondo kutha, koma ine zinangondidyera nsidze ziwiri.