Masitolo Anga Ofulatira Msewu

Ntchito yanga pa boma la Mchinji inali yokonza masitolo amene amwenye anasiya atauzidwa kuti asamukire m'mizinda. Ndinkamata ming'alu, kusintha malata odontha, kupaka laimu, mwini watsopano n'kulowa. Zaka zinatha choncho, ndipo ndinatopa nako kukongoletsa nyumba za eni.

Kenaka kunabwera njanji. Pamsonkhano atcheyamani a chipani anati sitima ipitirira mpaka ku Zambia, ndipo tauni yonse isamukira kusiteshoni. Masiku amenewo chitukuko sitinkachifunsa mafunso, tinkangoombera m'manja. Koma ine ndinakhulupiriradi. Ndinagulitsa ng'ombe zonse zimene malume anandisiyira ku Kapondo, ndinapeza malo pakati pa njanji ndi msewu, njerwa n'kuwotcha ndekha. Ndinamanga masitolo anayi mumzere umodzi, zitseko ndi khonde kuyang'ana kunjanji.

Mayi akunyumba atabwera kudzaona anazungulira nyumba yonse, kenaka anati, "Bambo, kodi anthu amayenda mbali iti?" Ndinawakalipira kuti za mapulani azisiyire amisiri. Anangoti chabwino, n'kumapita.

Njanji ija inathera pa Mchinji pomwepo. Sitima inkabwera mwa apo ndi apo, kutsitsa feteleza ndi anthu owerengeka, omwenso ankathamangira kumsewu. Malole opita kumalire, azimayi a geni, alimi a ku Dambe ndi njinga zawo, onse ankadutsa kuseri kwa masitolo anga. Telala amene analowa chipinda choyamba anasamuka mvula isanagwe. Mayi wogulitsa tiyi amene analowa chachiwiri anapirira miyezi ingapo, tsiku lina ndinangopeza loko pachitseko. Pakhonde panatsala mbuzi.

Chaka chachitatu ndinagonja. Ndinatenga hamala ndi tchizulo, ndinayamba kuboola zitseko pakhoma la kumsewu. Kumanga kumatopetsa, koma kugumula khoma limene unaliyeza wekha ndi chingwe kumapweteka mumtima. Njerwa zanga zinali zopsa bwino, zinandikanira masabata atatu, mapewa awa mpaka lero amandikumbutsa.

Nditamaliza ndinakaima pamsewu kuti ndione ntchito yanga. Apo m'pamene zinandilowa m'mutu kuti zimbudzi ziwiri zimene ndinakumba kuseri tsopano zili kumaso, ndipo kozisamutsira kunalibe, poti mbali inayo anali malo a njanji.

Madalaivala anayambadi kuima. Ankatsika, kundipatsa moni mwaulemu ndithu, kulowa m'chimbudzi, n'kupitiriza ulendo wawo.