Ulendo wa ku Chiromo, Maliro Tisanamete

Tinanyamuka padooko la kwathu, kumunsi kwa Chikwawa, dzuwa lisanatenthe, mabwato awiri. Kutsogolo kunali Bwana, mbusa wachizungu amene tinamusunga m'nyumba ya malemu atate, pamodzi ndi Dona, mkazi wake. Ankabwerera kwawo. Kumbuyo tinali ine, mkazi wanga Nambewe, ndi mabokosi. Opalasa anavomera nsalu mkwamba umodzi aliyense mpaka ku Chiromo, kumene sitima ya pamadzi inali kudzatula abusa atsopano n'kutenga akalewa.

Nambewe sanabwere kudzangoperekeza. Dona atabereka mwana wamkazi anagwa ndi malungo, mawere n'kuuma, ndiye Nambewe ankayamwitsa mwanayo pamodzi ndi wathu. Mwana wa Donayo anamwalira akuyamba kukwawa, tinamuika kumanda a kwathu. Tsono kwathu maliro satha mpaka anthu amete, ndipo woyamwitsa sangamete mayi wake wa mwana asanayambe. Bwana anakana, ati kumeta n'chikunja. Inenso ndine wobatizidwa, koma wogona pamphasa yayekha miyezi yonseyo ndinali ine, osati Bwana. Nambewe sankadzola mafuta, sankathira mchere m'ndiwo, tsitsi lili nyankhalala. Lumo anamanga pansonga ya nsalu yake, poti atalephera paulendowu kunalibenso pena.

Masana tinalowa m'dambo lalikulu lija, mmene Shire amasochera m'bango. Udzudzu wa mmenemo sudikira mdima. Tinakocheza pakachilumba ka asodzi achisena, tinawapatsa mchere, iwo n'kutipatsa milamba yowamba ndi nyika zophika, timizu tija tomera pansi pa madzi. Mkulu wina anayang'ana mutu wa Nambewe.

"Mama, maliro a yani?"

"A mwana wa awo," anayankha, akuloza Dona ndi mlomo.

"Mzungu amalira chipewa chili kumutu. Mukalamba nalo tsitsilo, mama."

Ndinaseka nawo, koma kuseka kwa pakamwa.

Kutacha mvuu inatitsekera njira. Bwana anayamba pemphero, opalasa anamenya nkhafi pamabwato, ndipo itamira aliyense anati chake ndicho chaithamangitsa. Titaima pamchenga kuti tidye mbatata, Nambewe anapita kwa Dona, anagwada, n'kumasula lumo lija.

"Dona, pang'ono pokha, kuseri kwa khutu. A Bwana saona."

Dona chimang'anja ankachimva bwino. Anagwira chipewa chake, kenaka anacheukira mwamuna wake amene ankasamba m'manja pamtsinje.

"Mawa, Nambewe," anatero.

Mawa lakelo linatipeza ku Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Masitolo a amwenye, matumba a thonje, fumbi, ndi sitima ikufuka utsi wa nkhuni. Bwana anandigwira dzanja n'kundisiyira nyali yake. Dona anakumbatira Nambewe, onse awiri misozi ili mbwembwembwe, lumo lili m'dzanja la mkazi wanga. Ndinaona Dona akukweza dzanja kukhutu. Pomwepo Bwana anaitana ali pathabwa lokwerera, ndipo Dona anapita.

Ndinakwiya, sindibisa. Anadya mapira athu, mwana wawo wagona pakati pa makolo anga, koma katsitsi ka kuseri kwa khutu kanawakulira.

Abusa atsopano anali mwamuna wofiira ndi dzuwa, wosadziwa ngakhale moni, ndi mkazi wake, khanda lili m'manja. Polowa m'bwato lathu kuti tibwerere nawo kwathu, Dona watsopanoyo anatambasulira khandalo kwa Nambewe kuti amugwirire. Nambewe, munthu amene sadutsa mwana wa mnzake osamunyamula, anaika manja kumbuyo.

"Landirani, mayi, ndi alendo athu," ndinanong'ona.

"Landirani inu, bambo. Ine wina uja sindinamalize kumulira."

Ndinalandira ine, opalasa akuseka kagwiridwe kanga. Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndipo ndinkavomereza. Paulendo uwu ndinaphunzira kuti mlendo wina amapita atakusiyira maliro oti mwini yekha ndiye angawatseke. Khandalo linalira dambo lonse pobwerera, mayi wake akulephera kulitonthoza, ndipo Nambewe anafika padooko la kwathu maso ali kumadzi, osacheuka.