Mwendo Wopondera Kiki

Njinga yamoto ndinabwera nayo kuchokera ku Joni, ndipo m'mudzi mwathu, kumtunda kwa Bembeke, inali yokhayo. Ndinkanyamulira mbatata ya kachewere ndi kabichi kupita nazo ku Linthipe. Ndinkadzimva, ndisaname. Munthu akandipatsa moni ndili pa mthuthuthu wanga, ndinkangoyankha ndi chibwano.

Ndinagwa mwezi wa Juni, m'mawa wa nkhungu ija yoti sungaone ngakhale dzanja lako. Ndikutsetsereka ndi matumba awiri kumbuyo, ndinangozindikira ngolo ya ng'ombe ili pamphuno. Ndinakhotetsa, tayala lakutsogolo linalowa m'ngalande, njinga n'kundigwera pa mwendo wamanja. Fupa linathyoka, ndipo chitsulo chopondapo chinang'amba msongolo mpaka ndinaona choyera mkati. Mwini ngoloyo ndi amene anandinyamula, pamwamba pa manyowa ake.

Kuchipatala ndinakhalako milungu isanu ndi umodzi. Fupa linagwirana, chikhakha anachotsa, koma chilonda cha pamsongolo chinatsala chisanatsekeke bwino. Potuluka, adokotala anandiuza kuti mwendowo ndisaupondetse mwamphamvu kufikira khungu litamera. Amayi anga anali pomwepo. Titafika kumudzi anandigwira pamkono akulira, nandilumbiritsa pamaso pa alongo anga awiri kuti njinga ija sindidzaikhudzanso. Anali atataya kale ana aamuna awiri, wotsala ndinali ine ndekha. Ndinalumbira, koma ndi pakamwa pokha. Njingayo anaikankhira m'khitchini yakale kuseri kwa nyumba, naifunditsa masaka, kudikira wogula.

Mkazi wanga anali wa ku Mphunzi. Ndinamutenga chitengwa, ndiye ankakhala pakati pa abale anga, wopanda wake womulankhulira. Tinali ndi mwana mmodzi wamkazi, woyamba kumene kuyenda. Mkaziyo anali munthu wosalankhulalankhula. Ndi iye amene ankatsuka chilondacho m'mawa uliwonse ndi madzi ofunda, n'kuchapa nsalu zomangira.

Mlungu woyamba ndinasunga lumbiro. Wachiwiri zinandikanika. Inali nyengo ya madimba, ndipo dzuwa likangotuluka mudzi wonse unkatsikira kudambo kukathirira. Ine ndinkatsala ndi nkhuku. Ndinkadzikoka ndi ndodo mpaka kukhitchini kuja, kuvundukula masaka, ntchito n'kuyamba. Foloko inali itapindika. Ndinaimasula, n'kuipanikiza pa mphanda ya mtengo wa pichesi, n'kumaiwongola pang'onopang'ono ndi munsi wa mkazi wanga. Limu ndinaimenya ndi chipika mpaka inabwerera. Thanki inali itabooka pangodya, ndinamatapo sopo. Kabuleta ndinaitsuka katatu konse. Dzuwa likapendeka ndinkabwezera masaka, kusamba m'manja ndi phulusa, n'kukagona pamphasa ngati wodwala womvera.

Zonse zinatheka, koma injini inakana kulira. Kuikankha panja sindikanatha, anthu akanaona. Panatsala kiki basi, kachitsulo koponda poliza injini, ndipo kiki yake inali kumanja, mwendo womwewo. Ndinayesa ndi wamanzere, unalibe mphamvu. Ndiye ndinkaluma mano n'kumaponda ndi wodwalawo, kakhumi, nthawi zina kuposa apo. Masiku ena kiki inkabwerera n'kundimenya pa chilonda penipeni, m'maso n'kuchita mdima. Ndikamasula nsalu, pamene dzulo panayamba kuuma ndinkapeza magazi ndi mafinya. Ndinkathirapo kapetulo, poti anzanga ku migodi ankatero. Uchitsiru wanga unafika pamenepo.

Mkazi wanga anadziwa tsiku loyamba lomwe. Fungo la petulo silibisika kwa munthu wochapa nsalu zako. Anandiuza motsitsa mawu kuti ndikudzipha ndekha, ine n'kumukalipira kuti asunge pakamwa, za amuna sizimukhudza. Anasungadi.

Pofika kumapeto kwa Ogasiti mwendo unali utatupa mpaka m'bondo, ukununkha. Ndinayambanso kukhosomola chifukwa cha mphepo ndi fumbi la m'khitchinimo. Kwathu kuno kutupa miyendo ndi chifuwa zikakumana mwa munthu mmodzi, anthu safunsanso zambiri. Amati ndi mdulo: mkazi wayenda ndi mwamuna wina, ndiyeno wathira mchere m'ndiwo za mwamuna wake, wamudula. Ife tinali Akatolika osajomba Misa, amayi kolona ili m'khosi, koma za mcherezi palibe amene anazisiya chifukwa cha ubatizo.

Tsoka lake, mwezi womwewo mkazi wanga anali atachokapo masiku anayi. Lole inabwera kudzatenga azimayi kukavina ku msonkhano wa chipani, ndipo masiku amenewo ukaitanidwa sunkakana. Mlongo wanga wamkulu anayamba kufunsa kuti kumeneko ankagona kuti, anawayang'anira ndani. Za ulendowo palibe amene akanayerekeza kudandaula mokweza, ndiye mkwiyo wonse unagwera pa amene anakwera lole.

Anayamba ndi mchere. Amayi anachotsa chikho cha mchere m'nyumba mwathu, nati ndiwo zanga azithira okha. Kenako anamuletsa mkazi wanga kukhudza chilonda. Kuchitsime azimayi ankangoti zii iye akafika. Tsiku lina, mwana ali kumsana, mkazi wanga anandifunsa kuti zoona ndinena liti. Ndinati mawa. Ndinkafuna injini iyambe yalira, kuti ponena ndikhale ndi choonetsa. Ndinkadzinamiza kuti nkhani za azimayi zimatha zokha.

Sizinathe. Anaitana ankhoswe, amalume anga ndi amalume ake ochokera ku Mphunzi, tinakhala pakhonde la amayi dzuwa likuswa mtengo. Anandimasula nsalu kuti alendo aone mwendo, ntchentche n'kubwera. Amalume anga anauza mkazi wanga kuti atchule mwamunayo kuti apeze mankhwala ondichiritsa, namulonjeza kuti akaulula nkhani ithera pomwepo. Iye anali atagwada pansi pa khonde, maso ali pa ine.

"Afunseni eni mwendo," anatero. "Akudziwa chimene chikuwadya."

Onse anatembenukira kwa ine. Khitchini ija inali apo, mapazi khumi kuchokera pamene tinakhala. Ndikanangoti kavundukuleni masakawo, zikanatha. Koma ndinayang'ana amayi, ndinakumbukira lumbiro, ndinaganiza za manyazi a mwamuna wamkuluwamkulu wogwidwa bodza pamaso pa akuchikazi. Ndinaopanso kuti njinga aigulitsa tsiku lomwelo, ndipo ichi ndiye chimene chimandichititsa manyazi koposa. Ndinawerama n'kunena kuti ine sindikudziwa kanthu, ndimangomva kupweteka.

Anagamula kuti mkazi wanga apite kwawo kufikira nditachira. Ananyamuka m'mawa mwake wapansi, mtolo pamutu, mwana kumsana, amalume ake patsogolo. Sananditsanzike, ndipo ine sindinatuluke m'nyumba.

Patapita masiku atatu ndinapeza vuto. Kanali kawaya kochokera ku koyilo, koduka mkati mwa mphira wake, kunja kukuoneka bwinobwino. Ndinakalumikiza, ndinaponda kamodzi, injini inalira. Ndinaizimitsa msangamsanga n'kukhala pansi mu utsimo, mtima osasangalala ngakhale pang'ono. Miyezi iwiri yathunthu ndinkaswa mwendo wanga chifukwa cha kawaya kosakwana chala.

Ndiye popeza panalibenso chopondera, mwendo ndinausiya. Petulo ndinaleka. Pa mlungu umodzi kutupa kunaphwa. Itakwana milungu itatu chilonda chinauma, khungu latsopano linamera, ndodo ndinataya. Mudzi wonse unabwera kudzaona. Amayi anavina pabwalo, akuti taonani, wodula uja wachoka, mwana wanga wadzuka. Ngakhale azimayi awiri atatu amene ankamuikira kumbuyo mkazi wanga anatseka pakamwa.

Pamenepo m'pamene ndinalankhula. Ndinatengera amayi ndi amalume kukhitchini, ndinavundukula masaka, ndinawaonetsa kiki, ndinafotokoza zonse osasiyako. Amayi analira chifukwa cha lumbiro, koma pa za mkazi wanga sanasunthe. Amalume anapukusa mutu nati mkaziyo anandidyetsa mankhwala, n'chifukwa chake ndikudziika pamlandu kuti abwerere. Anandifunsa kuti ngati ndi kiki, bwanji ndinakhala chete tsiku la ankhoswe. 

Ndinakwera njinga ulendo wa ku Mphunzi, woyamba chigwereni. Potsetsereka paliponse ndinkachita kukwawa. Mbiri inali itafika kale ine ndisanafike. Kumeneko nakonso aliyense ankadziwa kuti ndinachira iye atangochoka, ndipo anthu ankaima m'makonde n'kumandipenya. Mkazi wanga ndinamupeza kuseri kwa nyumba ya amayi ake akusankha nyemba m'lichero, ataonda, ali yekha, ngakhale kuti pabwalo panali azimayi ambiri akusinja. Mwana atandiona anathawira kumbuyo kwake. Ndinaimika njinga patali n'kuyenda kupita pamene anali. Iye ankayang'ana mwendo wanga, osati nkhope.

Ndinagwada, ine mwamuna, ndinamuuza kuti ndaulula zonse kwathu ndipo ndiulula kwa abale akenso, ndinamupempha kuti tibwerere. Anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera.

"Mwachira bwino, bambo a mwana," anatero. "Mukanabwera mukutsimphina, mwina amayi anga akanandikhulupirira."

Anatola lichero lake, anagwira mwana padzanja, nalowa m'nyumba. Ndinadikira panjapo mpaka dzuwa linapendeka. Sanatulukenso, ndipo kwathu sanabwerereko.