Akabawi a m'maso mwa a Chagada

Dzina loti Chagada analipata padenga. Kale, mawondo asanayambe kudandaula, anali pulambala wa nyumba ina yosanja. Tsiku lina anakwera kukamata thanki yodontha, nagona chagada kuti amange paipi ya kunsi. M'malo mwa paipi anaona kumwamba kuli bii, akabawi ndi ziwombankhanga zikuzungulira ngati kamvuluvulu, kukwera osakupiza mapiko, kenaka n'kutsetserekera kumaiko ofunda. Madzi anasefukira mpaka m'zipinda za anthu, iwo ali chigonere, kukamwa kuli yasa.

Kuyambira pamenepo, masamba akangoyamba kuyoyoka ndi mphepo kuluma makutu, a Chagada ankakwera. Analowa m'gulu la anthu owerenga mbalame zodutsa. Malemu mkazi wawo ankati ali ndi mkazi mnzawo wa mapiko. Ana anakula, mayiwo anatsogola, mapaipi anatenga achinyamata. Chotsala chinali denga, mpando wopinda, magalasi oonera kutali, ndi kachitsulo kodina ndi chala mbalame ikadutsa.

Gululo linali ndi lamulo: owerenga azikhala awiri, wina akatchula mbalame imene waiona, mnzake avomere kuti nayenso waiona. Mnzawo wa a Chagada anali mlamu wawo wometa tsitsi, mlongo wa malemu, amene shopu yake inali pansi pa nyumba yomweyo.

Chaka chimenecho zinthu zinayamba kupotoka.

"Kabawi uyo, pamwamba pa chumuni!" anakuwa a Chagada.

"Chumuni iti, alamu?"

"Tili ndi machumuni angati? Mwameta anthu mpaka mwameta ndi maso omwe?"

"Ee, ee, ndamuona," anatero wometayo, koma chala chake sichinadine.

A Chagada anamva kuti sichinadine. Khutu lokha linali lisanawataye. Atacheukira kukhoma loyera, kabawi uja anawatsatira, nakatera pakhomapo. Atayang'ana chikhatho, anali pomwepo. Timadontho takuda tinali titamanga chisa m'maso mwawo, tikuyandama ndendende ngati mbalame yakutali.

Mwana wawo wamkazi anali atanena kale mosapsatira. Denga lija linalibe mpanda, ndipo maso akangofooka, adzawatenga akakhale kwake, kanyumba kapansi kopanikizika pakati pa makoma, kumene thambo limaoneka ngati mpango woyanikidwa. A Chagada ankati akaganiza za kanyumbako, mpweya unkawathera. Munthu wodya ndi maso, ukamutsekera thambo wamuika m'manda ali moyo.

Choncho anayamba kubisa. Anasiya kutchula mbalame, n'kumadikira mlamu ayambe, iwo n'kuvomera mokweza. Kunyumba ankatsuka maso ndi madzi ofunda, ankathira mankhwala a m'botolo, ankapemphera. Timadontho tinkangoswana.

"Masiku ano mwafatsa ngati mkamwini watsopano," mlamu ankawaseka. "Kapena mwapeza chibwenzi?"

"Pezani chanu, mutisiye."

M'mawa wina, mvula ya masiku angapo itakata, dzuwa linatuluka lofunda bwino. Mlamu anaitanidwa kushopu, kunali mkwati wofuna kumetedwa msanga. A Chagada anatsala okha. Kenaka anakweza mutu. Kuchokera kuchumuni mpaka kumapiri, thambo lonse linali madontho okhaokha, ambirimbiri, akuzungulira, akukwera, akuchulukana.

Akanayang'ana khoma, akanadziwa. Koma mantha alibe nzeru. Anatsinzina mwamphamvu, natsegula, madontho ali pomwepo, oposa poyamba.

"Mayo ine, maso anga apita," ananong'ona. "Apita lero."

Kachitsulo kanagwa m'manja. Anakwawa ndi mawondo, kuopa m'mphepete mwa denga limene analidziwa ngati chikhatho chawo, mpaka anagwira chitseko. Anatsika masitepe chokhala, imodzi imodzi, maso ali chitsinzinire, misozi ikulowa m'ndevu. Ankatchula dzina la mkazi wawo ngati kamwana kosochera pamsika.

Pakati pa masitepe anagundana ndi munthu wothamanga. Anali mwana wawo uja, wefuwefu, nsapato zili m'manja.

"Bambo! Mukutsikiranji? Msewu wonse waima, ndi oyendetsa mabasi omwe atulutsa mitu! Amalume asiya mkwati mutu theka. Sindinaonepo mbalame zotere chibadwire. Ndimati ndidzaonere pamodzi ndi inu."

"Mbalame?"

"Akabawi anu aja! Simunawaone?"

Anafunsa akuseka, koma ataona mawondo a thalauza ong'ambika ndi nkhope yonyowa, kuseka kunazima.

A Chagada anadzuka. Anatembenuka, nayamba kukwera. Miyendo inkakana, chifuwa chinkalira ngati paipi yolowa mpweya, koma ankadzikoka ndi chitsulo chogwirira, mwanayo atawagwira m'khwapa. Gulu la mbalame lotere, loposa ngakhale la tsiku la thanki lija, limadutsa kamodzi pa moyo wa munthu, ndipo silidikira nkhalamba. Zaka zonse zija analidikira, nalilota, nakangana ndi mkazi wawo chifukwa cha ilo.

Atafika padenga, mphepo inali itatembenuka. Mpando unali utagwa cham'mbali. A Chagada anaimirira pakati, nakweza nkhope, ndipo anaona madontho angapo akuyandama pamwamba pa chumuni. Anakweza chala kuti aloze, koma chinaima m'njira.

"Mayi," anatero, poti ndimo ankamuitanira mwanayo akafuna kumunyengerera, "tayang'ana apo. Usandinamize ngati amalume ako. Izo ndi za Mulungu kapena ndi zanga?"

Mwanayo anayang'ana nthawi yaitali, dzanja lili pachipumi, kufunafuna ngakhale imodzi yotsalira m'mbuyo. Thambo linali mbee.

"Ndi zanu, bambo."

A Chagada anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anaimika mpando uja bwinobwino, nauyang'anitsa kumene mbalame zimachokera, koma sanakhalepo.

"Kwako kuja," anafunsa, "zenera la kuchipinda limaloza kuti?"

"Kukhoma la aneba, bambo."

"Chabwino. Ndigwire dzanja, titsike."