Makina a Guluu a Gerson Tembo

Gerson Tembo wa ku Chiparamba ndiye kalipentala yekhayo m'dera lonse la Fort Jameson amene ankapala matabwa atamanga tayi. Kutenthe bwanji mu Okutobala, utuchi uli mbuu m'mutu, tayiyo sinkachoka pakhosi. Bambo ake anali mphunzitsi wa mishoni, ndipo iye anakula akudziwa kuti adzakhala kalaliki ku boma. Mayeso ndiwo anakana. Atalephera kawiri analowa m'bungwe la amisiri asanu ndi mmodzi opanga mipando ndi zitseko, koma mumtima ankadziona ngati kalaliki amene akalipentala angomubwereka.

Anzakewo anamusankha kukhala wapampando pa chifukwa chimodzi. Masiku amenewo a Chitaganya, munthu wakuda akafuna misomali m'sitolo ya mzungu ankaima panja, pa kawindo ka kumbali, n'kugula chinthu chimene sanachione bwino. Gerson ankati zimenezo n'za anthu osaphunzira. "Ine ndimalowera pa khomo lakutsogolo," ankatero akukonza tayi. "Bwana akangomva Chingelezi changa amandikokera mpando." Palibe anapita naye kukaona, chifukwa tauni inali patali ndipo njinga ya bungwe inali imodzi. Ng'ombe analibe, munda wake wa mtedza unali wochititsa manyazi, koma mbiri ya khomo lakutsogoloyo anali nayo, ndipo ankaisamala kuposa chisa cha nkhuku yoikira.

Chaka china sukulu yatsopano inapatsa bungwelo ntchito ya mabenchi makumi anayi. Eni sukuluwo anafuna guluu wamakono wosaopa chinyezi, amene ankasakanizidwa ndi mankhwala owumitsa. Ukachepetsa mankhwalawo benchi limagwedezeka, ukachulukitsa guluu amauma usanalumikize matabwa. Matiyasi Mbewe, mmisiri wamkulu pa onsewo, Mkatolika wa zala ngati mizu ya chinangwa, ankayeza ndi chivundikiro cha kachitini ka fodya: zisanu za guluu, chimodzi cha mankhwala. Benchi lake silinagwedezekepo. Koma Gerson chivundikirocho chinkamunyansa, ndipo anaumirira kuti bungwe lotukuka liyenera kukhala ndi makina oyezera ndi kuthira guluu.

"Chabwino, aTembo," anatero Matiyasi akufwenkha fodya. "Poti mumalowa mkati, mukafunse zitatu zokha. Akakankhidwa kamodzi amatulutsa wochuluka bwanji? Amatsukidwa bwanji? Kachitsulo kakathyoka timakapeza kuti?"

"Zimenezo bwana adzandifotokozera tikumwa tiyi," anayankha Gerson.

Lachisanu m'mawa mkazi wake Zelipa, amake Molly, anamusitira jekete lakuda la ku tchalitchi, iye n'kupalasa njinga mpaka m'tauni. Atafika pa sitolo ya zitsulo anayang'ana uku ndi uku ngati pali wa ku Chiparamba, kenako anazungulira kumbali, kukaima pamzere pakati pa mayi wogula parafini ndi mlimi wofuna khasu. Sikanali koyamba. Khomo lakutsogololo anali asanaligwirepo n'komwe chibadwire, ndipo tsiku lililonse akaima pamenepo mtima unkamuwawa ngati koyamba.

Kawindoko kanali kapamwamba, pa khoma lopakidwa laimu. Kuti uone mkati umayenera kutsamira ndi zigongono zonse ziwiri n'kunyang'amira. Wogulitsa, bambo wakuda wotopa ndi ntchito, ananyamula makina awiri n'kumuonetsa motsatizana. Oyamba anali achitsulo chakuda, onyansa, okhala ndi mpini ngati mjigo ndi zomangira ziwiri zomasula ndi manja. Achiwiri anali amkuwa, owala, okhala ndi timitsuko tiwiri, kampopi kowonda, ndi kawotchi pamwamba kokhala ndi muvi.

Gerson anafunsa m'Chingelezi kuti amatsukidwa bwanji.

"Achimwene, ine ndimangonyamula," anayankha wogulitsayo m'Chinyanja. "Amene amadziwa ndi bwana, ndipo bwana amafotokozera a mkatimu. Mutenga ati? Anthu akudikira."

Mkatimo Gerson ankatha kumuona mzunguyo akumasula makina ena ofanana ndi amkuwawo pamaso pa mlimi wa fodya wachizungu, akuloza apa ndi apo, koma mawu sankafika pa windo. Mayi wa parafini anayamba kung'ung'udza kumbuyo. Gerson anayang'ananso makina awiriwo. Akudawo ankaoneka ngati chinthu chimene munthu angagulire pa windo. Amkuwawo ankaoneka ngati ochokera mkati. Anasankha amkuwa.

Ku Chiparamba anafika ngati mkwati. Anaika makinawo pa tebulo, amisiri onse n'kuwazinga. Anawauza za mpando, za tiyi, za mabisiketi awiri, ndiponso kuti bwana anamugwira chanza potsanzika. Matiyasi anamuyang'ana kwa kanthawi, osati kumaso, n'kungoti, "Mwayenda bwino."

Lolemba anathira guluu m'kamtsuko kamodzi, mankhwala m'kena. Kunena zoona, makinawo anagwira ntchito. Ukakankha kamodzi muvi unkagwedezeka, guluu wosakanizika kale n'kutuluka pa kampopi mowongoka ngati mzere wa m'kope. Gerson anatupa ndi chimwemwe. Pofika masana mabenchi asanu anali ataima.

Belu la masana litalira, Matiyasi anavula chipewa kuti apemphere, ndipo asanachoke anafunsa, "Tiwasiye chonchi ali ndi guluu m'mimba? Bwana anati chiyani?"

Apa ndiye panali pofunika mawu amodzi okha: sindikudziwa. Koma munthu amene wamwa tiyi ndi bwana sanganene zimenezo. "Anati amadzisamala okha," anatero Gerson. "Si chivundikiro cha fodya ichi."

Anapita kukadya, anacheza, ena anagona pang'ono pansi pa mtengo wa mango. Denga la malata linkaotcha. Pobwerera, mpini sunasunthe. Andireya, mmisiri wamphamvu kuposa onse, anaukankha mpaka misempha kuima m'khosi. Anathira madzi otentha, anatokosa ndi waya, anayesa parafini. Guluu wosaopa chinyezi uja sanaope chilichonse. Makinawo analibe pomasulira ndi manja ngati akuda aja, ndipo kuyambira m'kampopi mpaka mkati anali atasanduka mwala. Muvi unaima pa nambala sikisi, ndipo sunachokepo mpaka lero.

"Si nkhani," anatero Andireya akupukuta thukuta. "Mawa tonse tipite. AMatiyasi abwereka ngolo. Inu aTembo mukalowe mukamuuze mnzanuyo, ife tikuonerera panja. Nafenso tione mpando umenewo."

Gerson anakonza tayi. Anayamba kunena kuti bwana amatanganidwa Lachiwiri, kuti mwina wapita ku Lusaka, kuti nkhani zotere zimafuna kalata. Mawu ankatuluka koma sankagwirana.

Matiyasi anatulutsa kachitini kake ka fodya, nachotsa chivundikiro, nachipukuta pa buluku.

"Musavutike, aTembo. Palibe akupita kulikonse," anatero. "Lachisanu munabwera zigongono za jekete zili mbuu ndi laimu. Zimakhala choncho nthawi iliyonse mukachoka kutauni. Khoma limenelo ine ndalitsamira zaka makumi awiri, laimu wake ndimamudziwa. Tonse timamudziwa."

"Nanga... nanga bwanji simunanene?"

"Tinkati mwina mmodzi wa ife azilowako, ngakhale pakamwa pokha. Sizinkatiwonongera kanthu. Lero zatiwonongera."

Palibe anaseka, ndipo Gerson akanakonda kuti amuseke. Mabenchi makumi atatu ndi asanu otsalawo anamalizidwa ndi chivundikiro cha fodya, zisanu za guluu, chimodzi cha mankhwala, ndipo woyeza anali iye mwini, tayi ili pakhosi. Upampando sanamulande, poti makalata ankafunabe Chingelezi. Koma nkhani ya tiyi sinamvekenso, ndipo makina amkuwa aja anakhala chotsekereza chitseko cha shedi yogwiriramo ntchito kuti mphepo isachimenyetse.

Chimene chinamupweteka kwambiri anachimva kunyumba madzulo omwewo. Anafunsa Zelipa chifukwa chake sanamuuzepo za laimuyo, iye amene ankachapa jeketelo. Zelipa sanasiye n'komwe kusenda mtedza.

"Atate ake Molly, ndinkasasa bwino Loweruka lililonse kuti mukapite nalo ku tchalitchi. Ndinkaona ngati mukudziwa kuti tikudziwa."