Mfuti za Reino

Oili Juntunen anayamba kupita kowombera mfuti chifukwa cha nsanje. Mwamuna wake Reino, yemwe ankagwira ntchito pafakitale yocheka matabwa, Loweruka lililonse ankanyamula chikwama chake chachitali n'kusowa tsiku lonse. Pobwera ankanunkha utsi ndi soseji yootcha, akumwetulira yekha. Oili anati ayi, munthu sangamwetulire chonchi chifukwa chowombera zitsulo. Tsiku lina anasiya mwana wawo Tuulikki kwa apongozi n'kukwera nawo galimoto.

Mkazi amene ankamuganizira uja sanamupeze. Anapeza chidzenje chamchenga m'kati mwa nkhalango ya paini, udzudzu wosaneneka, ndi azibambo amimba zawo akuthamanga kuchoka pamgolo kupita kuseri kwa khoma lamatabwa, uku akuwombera mbale zachitsulo. Mfuti zawo zinali zija zoti ukangodina kachitsulo imalira n'kudzilowetsera yokha chipolopolo china, choncho amene chala chake chinali chachangu ndi diso lakuthwa ndiye ankapambana. Pa zimenezi Reino analibe wofanana naye. Kunyumba anali munthu wozizira, wosatha kupeza ndi masokosi ake omwe, koma pamchenga paja mbale zinkagwa motsatizana ngati wazikoka ndi chingwe. Aulis, tcheyamani wa kalabu ya owomberawo, anapatsa Oili mfuti nati poti wabwera kudzalondera mwamuna, alondere ali ndi chida. Anaphonya mbale zonse. Loweruka linalo anabweranso.

Changu cha Reino Oili sanachipeze mpaka kalekale. Chimene anapeza ndi ntchito yoima kumbuyo kwa wowombera, atagwira kawotchi kolira, kuyang'anira chitetezo. Pakati pa sabata ankayendetsa basi ya ana asukulu, ndiye zoweta anthu osamva sizinali zachilendo kwa iye. Malamulo ake anali ochepa. Kamwa la mfuti liziloza kuchiunda chamchenga nthawi zonse. Pothamanga chala chisakhale pakachitsulo. Wolakwitsa achotse zipolopolo, alongedze, azipita kwawo, zodandaula akadandaulire mkazi wake. Anabwezapo dokotala wa mano, anabwezapo msilikali wochokera ku Kajaani, ndipo chaka china anabweza Aulis weniweniyo pampikisano umene anakonza yekha. Azibambowo ankamutchula Abusa, ati chifukwa sakhululuka tchimo, komabe khofi woyamba kutuluka m'ketulo ankapatsa iyeyo.

Zaka zinapita. Fakitale ija inatsekedwa, achinyamata anathawira kum'mwera, Tuulikki anakakwatiwa ku Oulu. Pabenchi ya kalabu panatsala mitu yaimvi yokhayokha. Munthu wina akachita zoopsa ndi mfuti kwinakwake m'dzikomo malamulo ankalimba, ziphaso zinkavuta, ndipo azibambo aja ankatukwana boma akuotcha soseji. Oili sankathirirapo ndemanga. Iye ankati bola kabati yachitsulo yosungiramo mfuti ikhale yokhoma, zina zonse n'zopirira.

Matenda a Reino analowa ngati mbala. Tsiku lina Oili anapeza ketulo mufiriji. Tsiku lina Reino anapita kusitolo kukagula buledi wakuda n'kubwera naye mnansi, atamupeza ataima pamphambano. Ankaitana galu ndi dzina la galu amene anafa kalekale. Oili sanauze munthu, ngakhale Tuulikki. Ankadzitonthoza ndi chimodzi: akafika kudzenje kuja manja a Reino ankakumbukira zonse, msana unkawongoka, ndipo pobwerera ankacheza ngati kale. Iye anati mankhwala ake ndi amenewa. Ankaima pafupi naye kwambiri kuposa mmene ankaimira ndi ena, basi.

Zinachitika masamba atayamba kuyoyoka, chipale chofewa chisanagwe. Kawotchi katalira, Reino anagwetsa mbale zoyamba mwaukatswiri wake uja, mpaka wina pabenchi anaimba mluzu. Anathamangira pamgolo. Atafika anaima. Kenako anatembenuka pang'onopang'ono, mfuti ili m'manja, chala chili pakachitsulo. Kamwa la mfuti linadutsa pamimba pa Oili, n'kupitirira kubenchi kumene kunali anzake.

"Oili, kodi anthu awa akudikira chiyani?"

Panalibe amene anasuntha. Oili anaika dzanja pampope wa mfutiyo, womwe unali wotentha, n'kuukankhira pansi.

"Akudikira khofi, Reino. Chotsa chala. Eya. Ndipatse ndikugwirire."

Anapereka ngati mwana. Oili anachotsa magazini ya zipolopolo, anatulutsa chipolopolo chotsala, n'kumuperekeza kugalimoto. Atatseka chitseko ndi pamene anaona kuti chikhato chake chatupa matuza.

Aulis anamutsatira. Anayankhula motsitsa mawu, maso ali kunkhalango. Anati anyamata agwirizana kuti palibe chimene aona. Reino azibwerabe, aziwombera ali yekha ena atapita, kapena azimuikira chipolopolo chimodzichimodzi. Anati ukamulanda zimenezi wamuika m'bokosi ali moyo.

"Iwe ndinakubweza chifukwa cha chala chokha, Aulis. Uyu waloza anthu."

"Ine sindinali mwamuna wako."

"N'chifukwa chake iwe unabweranso Loweruka linalo, koma uyu sabweranso," anatero Oili, n'kulowa m'galimoto.

Sabata yomweyo anapita ndi Reino kuchipatala, ndipo dokotala anatchula dzina la matenda amene Oili ankawadziwa kale. Mfuti za Reino anakapereka yekha kupolisi ku Kajaani, osadikira kuti adzazitenge. Oili nayenso anali ndi zake, ndipo lamulo linkamulola kuzisunga. Koma masana ena pochokera kuntchito anapeza Reino m'chipinda, thukuta lili kamukamu, akukanula kabati yachitsulo ndi chitsulo chozulira misomali. M'mawa mwake anakaperekanso zakezo. Basi ya sukulu nayonso anaisiya, poti munthuyo sanali womusiya yekha.

Zoti anatembenuka ndi mfuti Reino sanazikumbukirepo. Chimene chinakhazikika m'mutu mwake n'chakuti Oili anamutengera mfuti zake. Mayina a miyezi anathawa, njira ya kusauna, bafa la nthunzi limene anamanga yekha, inathawa, koma ichi chokha chinakana kuchoka. M'mawa uliwonse ankatsegula kabati ija, n'kuima kuyang'ana mopanda kanthumo, kenako n'kubwera kukhitchini.

"Wazigulitsa kwa ndani?"

Poyamba Oili ankafotokoza zonse, za mgolo, za benchi, za dokotala. Reino ankalira, n'kupepesa, koma pofika masana ankafunsanso. Kenako Oili anayesa kunama kuti zili kokonzetsa. Reino ankamuyang'ana ndi diso lija lakuthwa nati wakuba iwe, ndakhala ndi wakuba m'nyumba zaka zonsezi. Anauza wobweretsa makalata. Anauza namwino woyendera odwala m'makomo. Tuulikki akaimba foni, bambo ake ankamupempha kuti aitane apolisi, ndipo iye ankangoti amayi pirirani, si iwowo akuyankhula, ndi matenda. Oili ankavomera. Koma mawuwo ankatuluka pakamwa pa Reino, ndi liwu la Reino.

Aulis anabwera kudzazonda atanyamula nsomba yowamba. Reino anamuzindikira nthawi yomweyo, anavala jekete, n'kukakhala m'galimoto ya mnzakeyo kudikira kuti azipita kudzenje. Anachita kumutulutsa anthu awiri. Aulis sanabwerenso, ankangoimba foni mwa apo ndi apo, ndipo ndi pafoni pomwepo pamene anauza Oili kuti kalabu yatha. Panalibe wofuna ntchito yoima kumbuyo kwa owombera, ndipo otsalawo mawondo anali atawakana. Mbale zachitsulo anazipereka kukalabu ina yakutali.

Chisanu chotsatira Reino anakankha Oili pamasitepe. Oili sanathyoke, koma namwino uja ataona zipsera zakuda pamkono sanafunse zambiri. Malo anapezeka kunyumba yosungira okalamba, ulendo wautali ndithu kuchokera kwawo. Oili anamulongedzera zovala, anasokerera dzina pa chilichonse, n'kumuperekeza. Reino analowa osacheuka.

Oili ankapita kukamuona kawiri pa sabata, ngakhale msewu utaterera bwanji. Dzina la mkazi wake Reino anali ataliiwala tsopano, ndipo za mfuti sankazitchulanso. Koma Oili akangolowa, nkhope ya Reino inkauma, n'kutembenukira kukhoma. Oili ankakhala pampando, kumuuza za galu, za chipale chimene chadzaza padenga, mpaka nthawi itakwana.

Tsiku lina mkulu wa anamwino, mayi wachifatse dzina lake Helvi, anamuitanira pambali n'kumupatsa khofi. Anazungulirazungulira asanafike pamfundo. Anati Reino ndi munthu wofatsa, amadya bwino, amaseka ndi aliyense, amathandiza ngakhale kupinda matawulo. Kungoti masiku amene Oili wabwera amakana chakudya, amamenya zitseko, ndipo amachita kumupatsa mankhwala omugonetsa. Anafunsa ngati mwina kubwera kamodzi pamwezi sikungamuchitire bwino wodwalayo.

Oili anamwa khofi uja mpaka kutha, poti anali atamuthirira kale. Anafunsa ngati masokosi aubweya amene anabweretsa akumukwana. Helvi anati akumukwana.

"Ndiye ndizingowatumiza," anatero Oili.

Anadutsa pakhomo la chipinda cha Reino osalowa. Mkatimo munkamveka wailesi, ndi Reino akuseka ndi mtsikana wokolopa.